Nasakhwi ndi Mlendo Wosabweza Operekeza

Padangokhala, masiku amene nyama zinali ndi midzi, mafumu ndi ankhoswe awo, panali mudzi wa Mfumu Mbira. Mudziwu unkatchuka ndi ulemu. Mlendo akafika ankamulandira katundu asanakhale pansi, ankamuyalira mphasa yatsopano, ana a pakhomo n'kugona pa ziguduli. Akatsanzika, anyamata ndi atsikana ankamusenzera katundu n'kumuperekeza. Mwambo unali wakuti woperekeza sabwerera yekha. Amayenda mpaka mlendo mwini ataima n'kunena kuti, "Bwererani pano, mwandiperekeza." Alendo onse ankazidziwa zimenezi, ndiye ankanena mawuwo pa kamtsinje ka m'malire, aliyense n'kubwerera kukapalira munda wake.

M'mudzimo munali Nasakhwi, mkazi wamng'ono thupi, wa mphuno yaitali ndi pakamwa posatseka. Ulemu wa mudzi wonsewo unamulambalala iyeyo. Amuna awiri anamukwatirapo, onse anathawa okha osadikira kusudzulidwa, ndipo wachiwiriyo anaiwala ndi bulangete lomwe. Bodza ankalinena osaphethira. Amene ankamupirira anali mlongo wake Zuze, yemwe anamulera makolo awo atamwalira. Nasakhwi akalakwira mnzake, Zuze ndiye ankanyamula kalichero ka ngumbi kukapepesa. Anapepesa mpaka mabanja ena anayamba kulakalaka kuti Nasakhwi awatukwane nyengo ya ngumbi ikayandikira.

Chaka china mvula itangoyamba kunatera mlendo wamtali, wa jekete loyera ndi miyendo yofiira, dzina lake Dokowe. Anati wachokera kutsidya kwa nyanja ya mchere, watumidwa ndi kampani kudzapalana ubwenzi. Mfumu Mbira, imene ntchito yake yaikulu inali kuwothera dzuwa, inapatsidwa magalasi akuda, ndipo kuyambira tsikulo zonse inkaziona zili bwinobwino. Dokowe anali wokonda mafunso. Anafunsa za maukwati, za maliro, za kalandiridwe ka alendo, koma atamva za kuperekeza anafunsa kawiri. Ifetu mlendo akamafunsa za mwambo wathu timakondwa, timamuuza ndi zimene sanafunse zomwe.

Atatsanzika, mfumu inamupatsa matumba a mtedza ndi mawere, n'kusankha operekeza amphamvu okhaokha. Zuze anali patsogolo. Ananyamuka akuimba nyimbo ya operekeza, imene wotsogolera amafunsa mapazi ngati atopa, ena onse n'kuvomera kuti mapazi sangatope mlendo asanatope. Atafika pa kamtsinje anachepetsa liwiro, makutu ali tcheru. Dokowe anangowoloka. Operekeza anayang'anana, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe kutembenuka, koma panalibe wofuna kukhala woyamba kuchititsa mudzi manyazi. Nawonso anawoloka, ndipo kumudzi anadikira mpaka mawere anacha osawaonanso.

Chaka chotsatira Dokowe anabweranso, ulendo uno ali ndi kapitawo wake Khwangwala, wakuda ngati ife tomwe koma wa kolala yoyera. Anauza makolo kuti ana awo ali bwino, akuphunzira ntchito ku esiteti yake ya maluwa, maluwa otumiza kutsidya kwa nyanja. Nkhalamba zinafunsa ngati maluwawo amathira nsinjiro kapena amangophika ndi mchere. Khwangwala anaseka mpaka kutsamwa, n'kuziuza kuti sadyedwa, eni ake amangowaika patebulo n'kumawayang'ana mpaka afote. Nasakhwi anaimirira pabwalo n'kufunsa za mlongo wake. Anamukhazika pansi, ati mlendo safunsidwa ngati wakuba. Mfumu inalandira nsapato, ndipo inasankhanso operekeza ena. Apa ine ndimapsa mtima nthawi zonse, chifukwa amayi a anawo anawakazingira kamba wa panjira ndi manja awo. Gulu limenelinso silinabwerere.

Minda inamera thengo. Madenga ankadontha popanda wofolera. Nasakhwi anachepetsa kutukwana poti panalibe wokapepesa, ndipo anaonda. Ankamusowa mlongo wake koopsa, ngakhale pakamwa pake sipakanavomera zimenezo pagulu.

Dokowe atabwera kachitatu, Nasakhwi anali woyamba kusenza thumba. Mfumu inakondwa, inati mkaziyu wakhwima nzeru tsopano. Iye mumtima anali atalumbira kuti sabwerera m'mudzimo popanda Zuze, ndipo ngati angathe, anzake a ulendo uno asakafike n'komwe kumene kunapita enawo.

Pa kamtsinje anadzigwetsa pansi n'kugwira phazi, akubuula kuti munga wamulasa mpaka pafupa. Ankadziwa kuti mlendo aliyense wamanyazi akaona woperekeza wavulala amabweza gulu lonse. Dokowe anawerama, anayang'ana phazilo, n'kutulutsa piritsi m'thumba la jekete.

"Meza ili, uona kusintha," anatero. "Kampani yathu imasamala abwenzi ake."

Nasakhwi analimeza, lowawa ngati ndulu, n'kuwoloka akutsimphina phazi lina, osati limene anagwira poyamba lija.

Mawa lake anayesa nzeru ina. Anauza anzake kuti katundu akatha, kuperekeza kwathanso, pakuti palibe amene amaperekeza mlendo ali chimanjamanja mpaka kalekale. Ndiye pa mpumulo uliwonse ankaboola thumba, onse n'kumakukuta mtedza, wina n'kumawazira mbalame za m'njira. Nyimbo ija ankaimbabe, koma mapazi tsopano ankayankha mopepuka poti matumba ankaphwa. Tsiku limene thumba lomaliza linatha, Nasakhwi anapita kwa Khwangwala akupukusa mutu, ati tsoka lagwa, anankafumbwe amaliza katundu yense wa bwana, ndiye palibenso chonyamula.

Khwangwala anamuyang'ana ndi diso limodzi. "Mayi, mwavutika chabe. Katundu wa bwana si mtedzawo ayi. Katundu ndinu."

Nasakhwi anatembenuka kuti abweze gulu lake. Anzake anamva mawuwo, koma pamenepo n'kuti Ankhandwe a zibonga, alonda a ku esiteti, atabwera kale kudzawachingamira. Anayenda nawo mpaka kukalowa pachipata, chipatacho n'kutsekedwa kumbuyo kwawo.

Anzawo akale anawapeza akuthirira ndi kuthyola maluwa, ataonda mpaka nthiti kuwerengeka. Nasakhwi anafunsa chimene anakhalira chikhalireni. Anamuuza kuti atangofika, Dokowe ananena kuti ulendo sunathe, pano wangopumula, kwawo kwenikweni ndi kutsidya kwa nyanja, choncho podikira amuthandizeko timaluwati. Iwo anathandiza chifukwa cha ulemu. Pamene ulemu unkatha n'kuti mpanda wa waya utatha kumangidwa.

Nasakhwi anamupeza Zuze m'shedi ya kuseri, mogonekedwa odwala. Anali atapatsidwa ntchito yopopera mankhwala popanda chophimba mphuno, poti iye sankadziwa kukana. Miyendo inali itafa, chifuwa chikulira ngati mluzu.

"Achimwene, ndine."

Zuze anatsegula maso pang'onopang'ono. "Nasakhwi? Walakwiranso ndani, ndikapepese?"

Nasakhwi analira, ndipo sanabise nkhope. Mlongo wakeyo anamuuza za amene anatsogola: mwana wa Nkhwali, ana a Fuko, mtsikana wa kwa Gologolo amene anali atangotomeredwa. Onse anakwiriridwa kuseri kwa shediyo popanda nyimbo, popanda uthenga wopita kumudzi, ndipo tsiku lomwelo anzawo anabwerera kukathyola maluwa.

Kuyambira pamenepo Nasakhwi anasanduka wantchito wabwino. Ankagwada polankhula ndi kapitawo, ankamuuza kuti kolala ngati imeneyo ngakhale bwana alibe. Khwangwala anali wofooka pa kutamandidwa, ndiye nkhani zinayamba kutayika pakamwa pake. Anaulula kuti ogula maluwa kutsidya kuja ayamba kufunsa ngati olima ake amalipidwa ndi kusamalidwa. Chifukwa cha zimenezo Adona Tsekwe, eni ake kampani, akubwera kudzaona okha. Bwana anawatsimikizira kale kuti pano palibe wogwidwa, onse anabwera okha mwa chikondi potsata mwambo wa makolo awo. Adona akaona zosiyana ndi zimenezo, jekete la bwana livulidwa.

Nasakhwi anapempha kuti iye ndiye atsogolere gule wolandirira Adona. Khwangwala anavomera, n'kukauza bwana ngati nzeru yake.

Pophunzitsa guleyo Nasakhwi anauza anzake kuti aliyense amange kamtolo kake, ndipo iye akagwada onse agwade. Ambiri anachita mantha ndi zibonga. Pamenepo anawauza kuti makolo amufikira kumaloto, onse a m'mudzi mwawo, n'kumulamula zimenezi, ndipo wokana adzaona chomwe chidzamuonekere. Sanalote kanthu, koma timitolo tinamangidwa.

Tsikulo litafika, antchito anabwerekedwa malaya atsopano, shedi ya odwala inatsekedwa ndi loko. Adona Tsekwe anatera m'mawa, onenepa bwino, akumwetulira chilichonse. Gule anayamba. Nyimbo inali ya operekeza yomwe ija, koma wotsogolera atafunsa mapazi, gulu linavomera kuti mapazi amufikitsa mlendo ndipo tsopano akumbukira khomo la kwawo. Anaimba mokoma moti Adona anapukuta misozi, ngakhale sanamvetse chimene chinawaliritsa.

Dokowe anaimirira kuti alankhule. Anafotokoza mwambo wa kuperekeza mwatsatanetsatane, monga anauphunzirira kwa eni ake. Anati pano ndi panyumba pake, ndipo awa si antchito wamba koma alendo ake apamtima, amene anamukonda mpaka kumufikitsa pakhomo.

Nasakhwi anagwada. Gulu lonse linagwada, timitolo tili pambali, likuwomba m'manja mwaulemu wa kwa Mfumu Mbira.

"Bwana, tathokoza," anatero Nasakhwi. "Tinakuperekezani, ndipo mwafika bwino panyumba panu monga mwanena nokha. Mwatisunga nthawi yaitali. Tsopano alendo anu tikutsanzika."

Adona anatambasula khosi. "Ndiye mwambo umati chiyani pamenepa, mwana wanga?"

"Umati mwini nyumba atsegule chipata ndi manja ake, Adona. Asenze katundu wolemera wa alendo, awaperekeze mpaka alendowo atanena okha kuti bwererani."

Adona anawomba mapiko, ati zimenezi sanazionepo, ndipo sangachoke osaziona. Dokowe anaona kuti wakodwa. Kunena kuti awa si alendo kunali kudzivula yekha jekete pamaso pa eni ake. Khwangwala anamunong'oneza kuti angowatulutsa pang'ono, Adona akatopa n'kubwerera, Ankhandwe awakusanso. Dokowe anatsegula chipata.

Nasakhwi anati katundu wawo wolemera ali m'shedi ya kuseri, bwana abwereke kiyi. Loko anatsegulidwa, odwala anatulutsidwa mmodzimmodzi n'kugonekedwa padzuwa. Adona anasiya kumwetulira n'kufunsa kuti awa atani. Dokowe anati akungopumula, atopa ndi kukonzekera gule. Adona anavomera msangamsanga. Mtima wawo unali wofewa ndithu, koma maso awo ankadziwa kothawira.

"Otopa amaberekedwa ndi mwini nyumba," anatero Nasakhwi.

Anavula chitenje chake, n'kumangirira Zuze pamsana pa Dokowe, mfundo yake yothina pachifuwa. Ankhandwe anaika zibonga pansi n'kubereka ena. Khwangwala naye anapatsidwa wake, amene anagwira kolala ija ndi manja onse awiri.

Atangotuluka pachipata Dokowe anachepetsa liwiro, akudikira mawu. Nasakhwi anangopitirira akuimbitsa nyimbo. Patapita kanthawi Adona anati aona mokwanira, akufuna kubwerera akamwe tiyi. Nasakhwi anadziwa kuti Adona akangotembenuka zibonga zitoledwa. Anawagwadira n'kuwauza kuti mlendo wamkulu chonchi sabwerera asanapatsidwe dzina. Anawatcha Nachisomo, n'kuwamanga mpango kumutu. Adona anakondwa ngati mwana, n'kuyendanso.

Atatopanso, Nasakhwi anawauza kuti dzina latsopano likapanda kukaonetsedwa kwa mfumu limawola, ndipo mwini wake amathothoka nthenga. Adona anagwira nthenga zawo n'kufulumiza. Atatopa kachitatu, anawanong'oneza kuti kumudzi kuli gule wobisika amene palibe wa kutsidya kwa nyanja anamuonapo, ndipo anzawo kwawoko adzafa ndi nsanje akadzamva. Miyambo imeneyi ankaipeka pomwepo akuyenda, anzake akuluma milomo kuti asaseke. Ananama njira yonse mkazi ameneyu, ndipo ine ndikuti bodza lililonse limene ananena paulendowu limuwonjezere masiku.

Dokowe ankayenda akudziwa kuti kumbuyo maluwa akufota popanda wothirira. Zuze ankatsokomolera pakhosi pake, ndipo fungo la mankhwala lochokera mu ubweya wa wodwalayo linkamuwawa m'maso mpaka misozi. Anapempha kuti apumule, Nasakhwi anati mwambo sulola. Anapempha kuti asinthane ndi Nkhandwe, Nasakhwi anafunsa Adona ngati kwawo akuluakulu amatula udindo kwa alonda, Adona anati ayi ndithu. Miyendo yofiira ija inayamba kunjenjemera.

Mbiri inawatsogolera, moti pofika pa kamtsinje ka m'malire mudzi wonse unali tsidya linalo. Nthungululu zinamveka. Amayi anathamangira m'madzi kukakumbatira ana awo. Ena ankayendayenda m'gulumo akuyang'ana nkhope imodziimodzi, ndipo atafika kumapeto anayambiranso. Nkhwali, atamva za mwana wake, anakhala pansi pomwepo. Mfumu Mbira inavula magalasi aja, ndipo sinawavalenso.

Dokowe anaima m'mphepete mwa madzi, akupuma movutika, maso ali pa Nasakhwi. Koma Nasakhwi sankafuna kumubweza. Anali atakonza zoti amuyendetse khomo ndi khomo kwa onse oferedwa, kenako kudutsa mudzi, kupitirira, mpaka miyendo yaitaliyo ithyoke. Anakweza mawu kuti ayambitsenso nyimbo.

Pamenepo pamsana pa Dokowe panamveka mawu ofooka. "Bwana, bwererani pano. Mwatiperekeza."

Dokowe sanadikire kuti amve kawiri. Anamasula mfundo, anamutsitsa Zuze pamchenga, n'kuuluka osatsanzika. Khwangwala ndi Ankhandwe anatula odwala awo n'kuliyatsa liwiro. Adona anayang'ana amayi olira aja, anafunsa za gule wobisika ndi mawu otsika, ndipo popeza palibe anawayankha, nawonso anauluka ndi mpango wawo kumutu. Tinamva kuti Dokowe anakapeza mudzi wina kutali, kumene nkhaniyi inali isanafike, ndiye amene muli ndi abale kumadera ena muziwauza. Koma kwa Mfumu Mbira sanaterenso, ndipo kuyambira chaka chimenecho woperekeza wa m'mudzimo akafika pa kamtsinje amatula katundu, amatsanzika mwaulemu n'kubwerera yekha, kaya wauzidwa kaya sanauzidwe.

Nyama zinamuzinga Nasakhwi. Amene ankamukhazika pansi pabwalo aja ndiwo anali patsogolo kumugwira dzanja. Mayi wina amene anatukwanidwa naye chaka chatha anagwada m'madzi n'kumuthokoza chifukwa cha ana ake awiri. Ngakhale Nkhwali anadzuka, anabwera, n'kunena kuti zikomo, tsopano akudziwa kumene mwana wake wagona, atha kumulira. Nasakhwi sanazolowere kuthokozedwa, moti anangowakankha n'kupita pamene panagona mlongo wake. Anali atakwiya mpaka mphuno kunjenjemera.

"Achimwene, ulemu wanuwu sunakukwaneni? Wakutherani miyendo, wakutherani chifuwa, lero mukumumasulanso?"

Zuze anatsokomola kaye. "Si ulemu, mlongo wanga. Ulemu unathera m'shedi muja."

"Nanga n'chiyani?"

"Sindinafune kulowa m'mudzi wa amayi ndili pamsana pa ameneuja. Unditenge iwe."

Nasakhwi anatola chitenje chake pamchenga n'kuchikung'untha. Anyamata amphamvu anabwera kuti amuthandize, iye anawatukwana, iwo n'kubwerera m'mbuyo akuseka, misozi ili m'maso. Anawerama, Zuze anamugwira m'khosi, ndipo anamanga mfundo mosamala kuti isamupweteke pachifuwa. Atadzuka anadzandira, osati chifukwa cha kulemera, koma chifukwa mlongo wake amene ankamubereka ali mwana anali atapepuka ngati mtolo wa udzu wouma.

Analowa m'madzi, mudzi wonse ukupatuka kuwapatsa njira. Nasakhwi ankalalata njira yonse, za anthu osadziwa kukana, za nyumba imene yadontha zaka zonsezi, za phala limene amwe ngakhale asalifune. Zuze anatsamira mutu paphewa pake, akumvetsera mawu aliwonse, mpaka anafika pakhomo.

Nthano yanga yathera pamenepa. Amene anakwirira mbatata paphulusa akaiphule isanapserere.